Mmene Ndinawotchera Mavoti a Mudzi Wonse

Pasukulu yathu pali mtengo wa mbawa umene uli ndi bala m'munsi mwake, mbali yoyang'ana kumsewu. Alendo akafunsa za balalo, ana amayankha mosazengereza kuti, "Anatema ndi aphunzitsi a Sitandade 7." Aphunzitsiwo ndine. Ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha nkhaniyi anthu asanaimalize kuithira mchere, chifukwa pamene ndinaimva komaliza ndili pamzere wa chigayo ku Mzimba boma inali itanenepa. Akuti ndinawotcha makatoni asanu, kenako ndinakomoka. Katoni inali imodzi. Zokomokazo n'zabodza, ndinangokhala pansi mofulumirirapo.

Sukulu yathu ili kummwera kwa boma, panjira yopita ku Edingeni. Ine kwathu ndi ku Dowa, kuno ndinabwera nditangomaliza koleji, ndili ndi chikwama chimodzi ndi maganizo ochuluka. Chaka chimene ndikunenachi, makolo anali atatsiriza kumanga chipinda cha ana a Sitandade 1, chokongola, cha malata, koma mopanda desiki ndi imodzi yomwe. Ana ankakhala pasimenti, ndipo simenti ya ku Mzimba m'mwezi wa Juni imaluma ngati ili ndi mano.

Ndiye kunatulukira a Zgambo, bambo wocheka matabwa ku Chikangawa amene kwawo ndi konkuno. Anauzungulira mtengo wa mbawa kawiri, n'kuumenya ndi chikhatho ngati akuyesa ng'ombe pamsika, n'kunena kuti m'menemo muli madesiki okwanira chipinda chonsecho, mwinanso ndi tebulo la ahedi. Ahedi atamva za tebulo maso awo anawala.

Pano ndinene chinthu chimodzi, kenako tipitirire. Mkazi wanga Tiwonge, mwana wa m'mudzi momwemu, anaphunzitsa Sitandade 1 pansi pa mtengo umenewu kwa zaka zinayi, chipinda chija chisanamangidwe. Anamwalira kutatsala chaka chimodzi kuti zimene ndikufotokozazi zichitike. Msomali umene ankapachikapo bolodi udakali pathunthupo. Ndimadutsa pomwepo m'mawa uliwonse. Basi.

Za mtengowo sindinauze munthu aliyense maganizo anga. Ndinkaona kuti ndikubisa bwino kwambiri.

Makolo anayesa kugamula nkhaniyi pokweza manja, koma zinakanika. Kuno munthu sakweza dzanja asanaone kumene kwaloza dzanja la apongozi ake. Ahedi akati, "Ofuna madesiki," manja ankakwera mpaka paphewa n'kusanduka okanda kumutu. Akati, "Ofuna mtengo," anthu ankayamba kutsokomola. Misonkhano iwiri inatha chonchi.

Pamsonkhano wachitatu wa komiti ya sukulu anaimirira a Shaba, nkhalamba imene inagwirako ntchito pamalo oponyera voti nthawi ya riferendamu ija ya nyali ndi tambala. Ine nthawi imeneyo ndinali ndisanabadwe, koma nkhaniyo ndaimva kwa iwo kambirimbiri moti nthawi zina ndimalota ndili pamzere.

"Nkhani yovuta sitikwezera manja," anatero a Shaba. "Dziko lonse linali ndi funso limodzi, chipani chimodzi kapena zambiri. Munthu unkaopa ndi mthunzi wako womwe. Koma anatipatsa mapepala awiri, lina la nyali, lina la tambala. Ukalowa kuseri wekha, limene walikonda upinda bwino n'kukaponya m'bokosi la mavoti. Limene walikana utaya m'bokosi la zotaya, kuseri komweko. Mbwenu, basi. Kutacha tinangomva kuti nyali yapambana, ndipo kuno inapambana chomene. Mpaka lero sindinakumanepo ndi munthu wa m'dera lino wovomera kuti anavotera tambala."

Komiti inagwirizana nazo. Kunatsala kusankha woyendetsa chisankho.

"Akhale aphunzitsi athuwa," anatero ahedi akundiloza. "Ndi ophunzira, ndi obwera, alibe mbali."

Onse anavomera msangamsanga, ena akuyang'ana pansi. Ine ndinaganiza kuti aona luso langa. (Pambuyo pake ndinamva kuti anagwirizana kale kuti andipatse chochita, chifukwa ndinkakhala kwambiri pakhonde Loweruka n'kumayang'ana nkhuku.)

Ntchito ndinaiyamba ndi mphamvu zoopsa. Ndinalemba malamulo a chisankho masamba anayi. Ndinajambula ndekha zizindikiro ziwiri, mtengo ndi sowo, n'kukwera njinga yamoto kupita ku boma kukachulukitsa mapepala. Mayi wa pamalo ochulukitsirapo anayang'ana zojambulazo kwa kanthawi, n'kundifunsa ngati ndi mayeso a ana osankha pakati pa bowa ndi chipeso. Ndinamuuza kuti ndi nkhani ya demokalase. Anati pepani, koma ndinamuona mapewa akugwedezeka kuseri kwa makina.

A Shaba nawo atawaona mapepalawo anawatalikitsa, n'kuwayandikitsa, n'kuwatembenuza chadodolido.

"Ichi ndi chipeso, adada?"

"Ndi sowo."

"Chabwino. Tidzawauza."

Mabokosi ndinapeza makatoni awiri a sopo, ofanana ngati mapasa, n'kuboola kabowo pamwamba pa iliyonse. Pa ina ndinalemba ndi choko kuti MAVOTI, pa inayo ZOTAYA. A Shaba anapukusa mutu.

"Mangani kansalu kofiira pa imodziyo. Makatoni ofanana amasokoneza."

"Ndalembapo, a Shaba. Zilembo zazikulu."

"Choko si inki."

"Musade nkhawa. Ku koleji tinaphunzira kayendetsedwe ka zinthu."

Anandiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira mbuzi imene ikuyenda pakhoma la chitsime. Kenako anati, "Yewo," n'kumapita. Aliyense amene wakhalako kuno akudziwa kuti pali yewo wothokoza, palinso yewo wokusiyira Mulungu.

Tsiku lake linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa lili pamutu penipeni kuyambira m'mawa. Ndinavala suti yanga yakuda. Ndili nayo imodzi yokha, ndipo imeneyi inali ntchito yake yachitatu. Kuseri kovotera tinapanga ndi mitengo inayi ndi zitenje zimene amayi anabwereka, katoni ya zotaya mkati, ya mavoti panja patebulo, pamaso pa onse. Inki ya pachala tinalibe, ndiye tinkadinda ndi chidindo cha sukulu padzanja. Madala ena anakana kusamba m'manja mpaka Lolemba.

Anthu anabwera ngati kuli ukwati. Alimi a fodya anasiya nazale zawo, amayi anabwera ndi ana kumsana, ena ndi mtedza, ena ndi mango oyambirira. A Shaba anaima pakhomo la zitenje n'kumalangiza aliyense, "Bowayu ndi mtengo, chipesochi ndi sowo. Wakonda uponya uko, wakana utaya umu." Kenako ankawonjezera nkhani ya nyali kwa aliyense wochedwa kuyenda. Mzere unkafulumira chifukwa cha zimenezi.

Cha m'ma leveni anafika apongozi anga, amayi ake a Tiwonge, amene aliyense amawatchula kuti NyaMoyo koma ine ndimati amama. Ndi mayi wamfupi, wosalankhula zambiri, ndipo nthawi ya nzimbe simungawaone opanda nzimbe m'manja. Anandipatsa moni atawerama pang'ono, akuyang'ana kumbali monga mwa ulemu wa kuno.

"Mwatandala, adada. Suti yakukhalani."

"Yewo, amama."

Analowa kuseri akutafuna, anatulukamo akutafunabe, anaponya pepala lawo n'kukakhala pamuzu wa mbawa.

Ine ndinavota pomaliza, monga mmene malamulo anga a masamba anayi ankanenera. Nditalowa kuseri, ndekha, ndinapinda pepala la mtengo mosamala ngati kalata. La sowo ndinalikwinya, ndinaling'amba panayi, n'kulikankhira m'katoni ya zotaya ndi chala. Ndinatuluka nkhope ili phee, ngati munthu amene alibe mbali.

Ndiye kunabwera kamvuluvulu.

Anachokera kubwalo la mpira, wamtali ngati tchalitchi, atanyamula masamba ndi mapepala a shuga. Zitenje za kuseri kovotera zinauluka, chimodzi chinakakola munthambi, amayi anathamangira zitenje zawo, ana anathamangira kamvuluvuluyo. Ine, woyendetsa chisankho, ndinachita zimene ndimanyadira mpaka lero: ndinanyamula katoni ya patebulo, ndinathamangira ya kuseri ija, ndinazikumbatira zonse ziwiri pachifuwa n'kuthawira nazo m'kalasi. Ndinazitula pansi, ndinatseka chitseko, ndinapuma.

Nditatembenuka ndinapeza makatoni awiri a sopo, oyera bwino, opanda cholembedwa chilichonse. Choko chonse chinali pajekete langa. Ndinkaoneka ngati ndakumbatirana ndi wogaya chimanga.

A Shaba analowa akutsokomola fumbi. Anayang'ana makatoni, anayang'ana jekete.

"Mukuidziwa yake, adada?"

Apa m'pamene munthu wanzeru akanati ayi. Tikanatsegula pang'ono imodzi, tikanaona, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo inu simukanakhala mukuwerenga izi. Koma kumbuyo kwa a Shaba kunali ahedi ndi a Zgambo, ndipo m'makutu mwanga munkamvekabe mawu anga omwe aja a kayendetsedwe ka zinthu. Ndinanyamula katoni yoyamba. Yopepuka. Ndinanyamula yachiwiri. Yolemera ndithu. Mutu wanga wa ku koleji unagwira ntchito mwachangu: chinthu chofunika chimalemera, chotaya chimapepuka.

"Ya mavoti ndi iyi," ndinatero ndikusisita yolemerayo.

"Mwatsimikiza?"

"Ndatsimikiza."

"Mbwenu inayo iwotchedwe osatsegula," anatero a Shaba. "Chimene munthu wakana ndi chinsinsi chake." (Kaya nthawi ya riferendamu zinkaterodi, kaya ndi lamulo la a Shaba okha, sindikudziwa. Ndikudziwa kuti anali atabwera ndi palafini m'kabotolo, ndipo munthu sabwerera ndi palafini kunyumba.)

Tinatuluka nayo panja mwaulemu waukulu. Anthu anazungulira. A Shaba anathira palafini, koma machesi anandipatsa ine, poti ndine mkulu wa chisankho. Ndinalankhula mawu pang'ono. Ndikukumbuka kuti ndinati motowu ukunyeketsa magawano athu. Anthu anaomba m'manja. Ndinayatsa. Katoniyo inayaka bwino kwambiri, mapepala ake opindidwa mosamala akufutukuka limodzilimodzi m'malawi, ndipo ine ndinaganiza mumtima kuti anthu a kuno ndi aulemu, ngakhale chotaya amachipinda bwino.

Kuwerenga tinachitira m'kalasi, ine, ahedi ndi a Zgambo. A Shaba anayenera kukhalapo, koma anatsala panja kulondera phulusa, ndipo anali atapeza gulu latsopano loti alifotokozere za nyali.

Nditakhuthula katoni patebulo, choyamba kugubuduzika chinali njere ya mango. Kenako makoko a mtedza. Kenako chitsononkho.

"Anthu athu," anatero ahedi akupukusa mutu.

"Maphunziro a chisankho akufunika," ndinatero.

Tinayamba kufutukula mapepala. Sowo. Sowo. Sowo. Onse okwinyikakwinyika. Lina linali lopondedwa ndi nsapato, chidindo cha chidendene chikuoneka. Lina munthu anaminirapo mwana. Lina analiboola maso awiri. A Zgambo ankawongola lililonse pabondo pawo mwachikondi, akumwetulira.

"Taonani mphamvu imene anthu avotera," anatero. "Akufuna madesiki ndi mtima wonse."

Ndinavomereza. Ndinafika pa pepala la sowo long'ambidwa panayi, ndendende mmene ndinang'ambira langa lija. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinaganiza kuti m'mudzi muno muli munthu wa mtima ngati wanga, koma wa maganizo osiyana. Ndinalumikiza zidutswazo n'kugamula kuti votiyo ndi yovomerezeka, poti cholinga cha wovota chikuoneka.

Mapepala a mtengo anali apo ndi apo. Limodzi mwa iwo linali litakulungidwa ngati kaphukusi, lonyowa. Nditalitsegula ndinapeza makoko a nzimbe, otafunidwa mpaka kuyera. Ndinawaika pambali.

Zotsatira zinali izi: sowo 143, mtengo 19.

Ndinawerenganso kawiri. Manambala sanasinthe. Ndinakonza tayi.

Kuchokera pakhomo la kalasi kufika pansi pa mbawa ndi mapazi ochepa, koma tsiku limenelo ndinayenda ngati ndikupita ku Luwawa wapansi. Ndinkaona nkhope za anthu amene anandithandiza kukumba manda, amene ana awo anaphunzira a, e, i, o, u pansi pa nthambi zomwezi. Anthu 143. Ndinadziuza kuti ana akufunikadi madesiki, ndipo zinali zoona. Ndinaima pansi pa msomali uja, osauyang'ana, n'kuwerenga zotsatirazo ndi mawu a pawailesi.

Palibe anaomba m'manja, kupatula a Zgambo, amene anaomba katatu n'kusiya.

Kenako anthu anayamba kuyang'anizana cham'mbali. Mwamuna ankayang'ana mkazi wake, mkazi ankayang'ana mlamu wake. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake, "Iwe unandiuza kuti bowa." Winayo anati, "Ndi bowa amene ndaponya. Funsa amuna ako." Bambo wina anasuntha mpando wake kutalikirana ndi mchimwene wake. A Shaba anavula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake ngati yankho lili m'menemo.

Ine zonsezi ndinaziona ngati manyazi a anthu opambana.

A Zgambo sanafune kutaya nthawi. Makina ochekera anati abwera nawo Lolemba, koma nkhwangwa anali nayo kale panjinga.

"Aphunzitsi," anatero akundipatsa, "mwayendetsa bwino chomene. Temani koyamba ndinu, anthu aone kuti zotsatira zalandiridwa."

Ndikanatha kukana. Koma ndinali munthu wopanda mbali, ndipo munthu wopanda mbali saopa nkhwangwa. Ndinavula jekete, ndinalipinda, ndinalipereka kwa ahedi. Ndinatema kamodzi. Nkhwangwa inalowa, khungwa linadumpha, m'kati munaoneka mofiira.

Kachiwiri sindikanatha. Mphunzitsi zikamuvuta chonchi ali ndi pothawira pamodzi: amakalipa. Ndinasiya nkhwangwa ili chikanirire mumtengo, ndinatembenuka, n'kuyamba.

"Ndisanapitirize, ndili ndi mawu. Bokosi la mavoti ndi chinthu cholemekezeka. Makolo athu anavutikira ufulu umenewu, a Shaba ndi mboni. Koma lero m'bokosi la mavoti tapezamo njere ya mango. Tapezamo makoko a mtedza. Tapezamo chitsononkho. Munthu wina wamkulu ndithu, wa mano ake, walavuliramo nzimbe."

Ndinatulutsa makokowo m'thumba la thalauza (inde, ndinali nditawasunga ngati umboni) n'kuwakweza m'mwamba kuti aliyense aone.

Pamuzu paja, amama anasiya kutafuna.

Kuno mpongozi wamkazi salankhula ndi mkamwini wake pagulu mwachisawawa. Choncho sanayang'ane ine. Anayang'ana a Shaba.

"A Shaba, afunseni adada. Makoko awo awapeza m'katoni iti?"

A Shaba anatembenukira kwa ine. "Akuti mwawapeza m'katoni iti?"

"Ya mavoti," ndinatero. "Imene tawerenga."

"Akuti ya mavoti."

"Auzeni kuti makokowo ndi anga," anatero amama. "Ndataya m'katoni ya kuseri, ya zotaya. Munati ndi ya zotaya. Ine sindilavula pabwalo la sukulu."

A Shaba anatsegula pakamwa kuti andiuze, koma anaona kuti ndamva.

"Njere ya mango ndi yanga," anatero bambo wina kumbuyo, akukweza dzanja. Aka kanali koyamba m'miyezi itatu kuti munthu akweze dzanja lonse pamsonkhano wa sukulu. "Kuseri komweko."

"Chitsononkho n'changa."

"Ine ndaminira mwana ndi chipesocho. Nanga si chotaya?"

Mitu yonse inatembenukira kumulu wa phulusa, umene unali ukufukabe pang'onopang'ono pafupi ndi mbendera. Kenako inatembenukira kwa ine. Apa m'pamene ndinakhala pansi mofulumirirapo paja.

Woyamba kuseka sindikumudziwa, koma phwete lake linayatsa bwalo lonse. Amayi anagwirana mapewa, ena anagwa chagada pazitenje zawo zomwe. Bambo uja anabweza mpando wake pafupi ndi mchimwene wake. Ahedi anabisa nkhope m'jekete langa n'kutulukamo ali ndi choko pamphuno. Mayi wina anayamba nyimbo ya pomwepo yonena za mphunzitsi amene anaphika mavoti, ndipo pofika ndime yachiwiri inali ndi mavinidwe ake. A Shaba anaseka mpaka anachita kuwakhazika pampando ndi kuwapatsa madzi. Atapeza mpweya anangoti, "Kansalu kofiira, adada," n'kuyambiranso.

A Zgambo okha ndi amene anayesa kulimbikira.

"Mavoti apsa. Palibe umboni. Tibwereze."

"Umboni ulipo," anatero a Shaba akupukuta misozi. "Munthu aliyense anali ndi mapepala awiri. Chimene wataya tachiona. Ndiye chimene waponya n'chiyani? Aphunzitsi, masamu ndi anu."

Ndinaimirira, ndinakung'untha fumbi kumbuyo, n'kulengezanso zotsatira zomwe zija chozondoka: mtengo 143, sowo 19. Ulendo uno nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. A Zgambo anazula nkhwangwa yawo, anayang'ana balalo, n'kunena kuti ngakhale kutema sindidziwa, ndatemera m'mwamba kwambiri. Amayi awiri anamata balalo ndi dothi lonyowa ngati akupaka mwana mankhwala. Mmodzi wa iwo, osandiyang'ana, anati, "Munkaganiza kuti tingaudule mtengo wa Tiwonge, aphunzitsi?" Ndinakatenga jekete langa kwa ahedi. Ndinali ndikufunafuna chinachake m'thumba la jekete, kwa nthawi yaitali ndithu.

Nkhani ikanathera apa. Koma tsiku lotsatira, ndili m'tchalitchi, pakati pa ulaliki, ndinakumbukira chinthu. Makoko a nzimbe aja ndinawatsegula ndekha. Anali okulungidwa m'pepala la mtengo.

Titaweruka ndinapita kwa amama. Ndinawapeza akusenda nyemba pakhonde. Ndinakhala pakampando patali pang'ono, tinapatsana moni, tinakamba za mvula ndi za mbewu. Kenako ndinafunsa ndikuyang'ana nkhuku.

"Amama, pepala limene munataya lija."

"Mwaliona."

"Ndinaliona."

Anasenda nyemba zingapo asanayankhe.

"Mwana wanga ankadandaula za mtengo uja tsiku lililonse. Mwaiwala? Mbalame zinkamuipitsira kaundula. Mphepo inkagwetsa bolodi. Mvula ikabwera, ana onse kumwazikana. Ankati tsiku limene ana ake adzakhale pamadesiki adzavina kuchokera kusukulu mpaka pano. Ndiye ine ndavotera madesiki."

Sindinaiwale. Ndinali nditangosankha zokumbukira. Tiwonge ankabwera kunyumba ali ndi tizirombo m'tsitsi, akuutukwana mtengowo ndi mawu amene mphunzitsi wa Sitandade 1 sayenera kuwadziwa.

"Nanga bwanji munalankhula dzulo? Mbali yanu inali itapambana."

"Ndinkafuna madesiki, adada, sindinkafuna akuba." Anataya makoko a nyemba m'lichero. "Komanso mmene munagwirira nkhwangwa ija. Munthu sangaonerere zotere kawiri."

Madesiki sanabwere, koma mabenchi anabwera. Patapita milungu iwiri lole ya matabwa yochokera ku Chikangawa inaima pamsewu n'kutsitsa mulu wa zotsalira za paini, zokhotakhota, zina zili ndi khungwa. A Zgambo anati zinkangowadzazira malo. Loweruka lililonse mpaka Khirisimasi ndinkakhoma mabenchi pansi pa mbawa ndi madala atatu, iwo akundiphunzitsa kugwira hamala, ine ndikuwaphunzitsa mawu atsopano ndikadzimenya chala. Anga amadziwika: amagwedera. Ana amawalimbirana chifukwa cha chomwecho.

Tsiku limene tinawalowetsa m'kalasi, amama anabwera kudzaona. Anasankha benchi langa, anakhalapo, linapendekera kumanzere, anadzigwira pakhoma.

"Tiwonge akanadandaulabe," anatero.

Tinaseka tonse awiri, aliyense akuyang'ana kwake.

Mwa anthu 19 aja, mpaka lero ndikudziwa mmodzi yekha. Ahedi amati iwo anavotera bowa, a Zgambo amati voti ndi chinsinsi. A Shaba amati ndi mmene zimakhalira, ndipo akatero amayamba za nyali.

Mungaganize kuti munthu wochita zoterezi sangamupatsenso chisankho. Mwezi watha komiti inakhala pansi pa nkhani ya malo okumba mjigo, kumtunda kapena kumunsi kwa sukulu, ndipo manja anayambanso kukanda kumutu. Anandisankha ine, onse, mosangalala modabwitsa. Ndinavomera asanamalize kufunsa. Malamulo afika masamba asanu ndi limodzi. A Shaba anditumizira kale kansalu kofiira, ndipo ndawauza kuti ndikaganizira, poti ulendo uno ndagula choko chabwino.

Nditawauza amama, anagwedeza mutu.

"Mbwenu ulendo uno nzimbe ndidzadyeratu kunyumba, ndisakuipitsireni bokosi."

Ndinawapempha kuti abwere nazo.